Za sensa ya liwiro pa Vitz ya 2008

Achimwene, mwafunsa za Vitz yanu ya 2008. Mwati nyali ya ABS (makina oletsa magudumu kuuma mukaponda buleki mwamphamvu) yayaka, muvi wa sipidomita nthawi zina ukumagwa, ndipo makaniko wakuuzani kuti mugule sensa ya pa giyabokosi. Musathamangire kugula, chifukwa ndikukayika kuti vuto lili pamenepo.

Magalimoto akale ngati Corolla AE100 ankayeza liwiro ndi sensa imodzi yomangidwa pamwamba pa giyabokosi. Vitz ya kuyambira 2005 sichita choncho. Pagudumu lililonse pali sensa yake, zonse zinayi zimatumiza uthenga ku kompyuta ya ABS, ndipo sipidomita imatenga liwiro kumeneko. N'chifukwa chake nyali ndi muvi zayamba kuvuta limodzi.

Yambani ndi kukaiyezetsa pa kompyuta, koma funsani kaye ngati makina awowo amawerenga ABS, chifukwa timakina totsika mtengo timangoona za injini. Makinawo amatulutsa nambala yoloza pamene pali vuto. Pa Toyota, C0200 ndi gudumu lakutsogolo kumanja, C0205 lakutsogolo kumanzere, C0210 lakumbuyo kumanja, C0215 lakumbuyo kumanzere. P0500 ikatuluka isakusocheretseni: injini ikungodandaula kuti sikulandira uthenga wa liwiro, sikukuuzani kuti chawonongeka n'chiyani. Ngati angathe, muyende nawo pang'ono makinawo ali olumikiza. Magudumu atatu akamaonetsa 30 lina likuonetsa 0, mwalipeza.

Mukalidziwa gudumulo, kwezani galimoto ndi jeke, muikenso chochirikiza cholimba pansi (chonde musalowetse mutu mukudalira jeke yekha), n'kuchotsa tayala. Kutsogolo sensa ili kuseri kwa disiki ya buleki, yamangidwa ndi bawuti imodzi ya sipanala ya 10. Musanamasule, tsatani waya wake ndi chala kukwera pa shoko mpaka pa pulagi. Misewu yathu ya maenje ndi matope imadya waya ameneyu kwambiri. Kapulasitiki komugwira kakathyoka amayamba kukhuzana ndi tayala mukamakhota, kapena amaduka mkati chikopa chili bwinobwino. Muvi wogwa n'kudzukanso nthawi zambiri umaloza ku waya kapena pulagi yolowa madzi.

Sensayo imakonda kumatirira ndi dzimbiri. Thirani mafuta omasulira, dikirani pang'ono, muziipotoza pang'onopang'ono ndi dzanja. Mukaikanula ndi sikuludiraiva imathyokera m'bowo, ntchito ya mphindi zochepa n'kusanduka ya tsiku lonse. Ikatuluka yang'anani kunsonga. Mukapeza matope ouma kapena tizitsulo tating'ono, pukutani ndi kansalu, yeretsaninso m'bowomo, mubwezeretse muyese. Zambiri zimachira pomwepo.

Funso langa kwa inu ndi ili: mwasinthitsa beringi posachedwapa? Ndikufunsa chifukwa zinandionekera pa Vitz yanga. Beringi yakutsogolo ili ndi mbali imodzi ya maginito, ndipo mbali imeneyo iyenera kuyang'ana mkati, kumene kuli sensa. Amene anandiikira anaitembenuza. Nyali inayaka tsiku lomwelo, ine n'kugula sensa ziwiri, osathandiza. Mkulu wina wa pagalaja ndi amene anandifunsa za beringi, ndipo titaichotsa anayandikitsa kawaya kachitsulo, kanamatirira kumbali imene inali kunja. Beringi imawonongeka poichotsa, ndiye ndinagulanso ina. Ndalama imeneyo imandiwawabe.

Kumbuyo nkhani ndi ina. Sensa imakhala yolowetsedwa kuseri kwa habu (chitsulo chimene tayala limamangidwapo), choncho ambiri amangosintha habu yonse, mabawuti anayi. Koma yesani kaye pulagi yake, imadzadza fumbi.

Pogula, tengani yakaleyo m'manja. Yakumanja ndi yakumanzere zimasiyana, ndipo ya Vitz yakale ya 1999 sigwira pa yanuyo. Ine ndimasankha yochotsa pa galimoto ina ya ku Japan kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina. Poika, waya adutse momwe ankadutsa poyamba, bawuti musaifinye kwambiri, kenako afufute zolakwika pa kompyuta muyende kamtunda.

Pakadali pano mabuleki akugwira, koma ABS yazima. Pamsewu wonyowa kapena wamchenga, mukaponda modzidzimutsa magudumu atha kuuma galimoto n'kumatsetsereka, ndiye muziyenda mofatsa. Mukayezetsa mutiuze nambala imene yatuluka.