Mlombwa, mbawa kapena paini? Yankho kwa mayi a ku Area 25

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Angolowa kumene m'nyumba yawo ndipo akufuna kukhometsa tebulo lodyera, mipando isanu ndi umodzi, bedi ndi kabati ya mbale. Kalipentala wina wawauza kuti akapanda kugula mlombwa angotaya ndalama, pomwe wina akuti paini akapakidwa bwino ndi chimodzimodzi. Funso lawo ndi lakuti: "Ndimvere uti?"

Mayi, aliyense mwa awiriwo wakuuzani mbali yomukomera iye. Tiyeni tione matabwawo.

Mlombwa ndiye mfumu ya matabwa kwathu kuno, ndipo ulemuwo sunaupeze chabe. Ndi mtengo uja mukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Mtima wake ndi woderako, wa mizere yokongola yosafuna utoto, ndipo ukauma sukhota kapena kung'aluka wamba. Chiswe nachonso chimaulambalala. Koma zonsezi ndi za mtimawo. Mbali ya kunja, yoyera ija, imafumbwa ngati mtengo wina uliwonse. Mukaona mpando wa mlombwa, utembenuzeni muone kunsi. Ngati miyendo ili ndi mbali zoyera zambiri, dziwani kuti mwapatsidwa zam'mphepete pa mtengo wa mtima.

Mbawa ndi yofiirira, ndipo poti mtengo wake umakula kwambiri, imapereka matabwa otambalala, abwino pamwamba pa tebulo ndi pa zitseko. Imafuna mmisiri woleza mtima, chifukwa akaipala ndi puleni yobuntha imanyotsoka m'malo mosalala.

Mitengo iwiriyi ikusowa, n'chifukwa chake yakwera mtengo. Mlombwa umatenga zaka makumimakumi kuti ufike pochekedwa, ndipo ife tadula osabzala. Mu November 2022, pa msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zikusowa) ku Panama, mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinaikidwa m'gulu la mitengo yomwe malonda ake a pakati pa mayiko ayenera kuyendera chilolezo. Musachite manyazi kufunsa komwe matabwa achokera. Ife a mu Lilongwe timamwa madzi ochokera ku Dzalanyama, ndiye nkhani ya nkhalango si ya anthu ena. Ndipo wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza, mukane ndithu. Uwu ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, kwawo ndi pa phiri la Mulanje pokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu.

Tsono paini. Wambiri amene mumamuona ataunjikidwa m'misika ya matabwa amachokera ku Chikangawa, nkhalango yobzala yomwe poyamba inali ya mahekitala pafupifupi 53,000, wina ku Dedza. Ndi wopepuka, wotsika mtengo, wosavuta kukhoma, koma ndi wofewa: mukadinda ndi chikhadabo pamatsala chizindikiro. Chiswe chimamukonda, ndipo inu mukudziwa momwe chimavutira m'nyumba zathu kuno. Komabe ine sindimunyoza. Pa mashelefu, pa kabati, pa timatabwa togonekapo matiresi, paini wouma wopakidwa mankhwala a chiswe amatumikira zaka zambiri, bola asakhudze pansi ponyowa. Malaina nawo ndi opepuka, oyera, ndipo sakhotakhota. Bulugamu ndi wolimba koma amang'aluka ndi kupotoka akamauma. Msiyeni akhale wa mapolo ndi denga. Za mabolodi a utuchi wopanikiza aja, m'khitchini ayi: akamwa madzi amafufuma ngati buledi.

Koma mayi, chomwe ndikufuna mugwiritsitse si dzina la mtengo ayi. Ndi kuuma kwa thabwa, komanso kuliona ndi maso anu lisanapakidwe.

Ine zinandionekera. Chaka china mu February ndinagula tebulo m'mbali mwa msewu, lonyezimira, lofiira bwino, wogulitsa n'kulumbira kuti ndi mbawa. Pofika October, dzuwa lija lili phwee, pakati pa matabwa awiri apamwamba panatseguka mpata woti ndalama yachitsulo n'kugweramo. Kabati kake kakang'ono kanayamba kukana kutsekeka. Tsiku lina mwana anakanda mwendo wake ndi supuni, ndipo pansi pa utoto wofiirawo panatuluka thabwa loyera mbuu. Anali paini wauwisi wopakidwa utoto. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalamazo ndinasunga miyezi ingapo, ndipo wogulitsayo ndinamukhulupirira.

Thabwa lauwisi limakhala ndi madzi ambiri. Likamauma limachepa m'lifupi, ndiye molumikizira monse mumamasuka, guluu n'kusiya. Ngakhale mlombwa weniweni ukakhomedwa uli wauwisi, mpando umayamba kugwedera chaka chisanathe. Thabwa louma limapepukirapo, mukaligogoda limalira mwauma, ndipo utuchi wake umauluka. Wa lauwisi umakhala wozizira ndipo mukaufumbata umagwirana. Kalipentala wosamala mumamudziwa ndi momwe wasanjira matabwa ake: pamthunzi, pamwamba osati padothi, atalekanitsidwa ndi timitengo kuti mphepo izidutsa.

Ndikanakhala inu ndikanagawa chonchi. Mipando ndiyo imazunzika kwambiri, imakokedwa, ana amaipendeketsa, choncho ndalama ya mlombwa ipite kumeneko. Tebulo likhale la mbawa kapena mlombwa ngati thumba likulola. Bedi, mafelemu ake akhale a mtengo wolimba, timatabwa ta m'kati ta paini. Kabati ya mbale ikhale ya paini kapena malaina, yokhala ndi timiyendo kuti madzi okolopera asamaifike. Ngati ndalama sizikwana zonse pakamodzi, yambani ndi mipando ndi bedi, tebulo lidikire.

Ku Mchesi ndi ku Biwi kuli amisiri aluso ndithu, ndipo wabwino sakwiya mukamufunsa mafunso. Muuzeni kuti mukufuna kuona matabwa asanayambe kudula, mulembepo chizindikiro chanu ndi cholembera, ndipo mudzabwerenso katundu atakhomedwa koma asanapakidwe vanishi. Pamenepo muyang'ane molumikizira miyendo: pakhale pobowola ndi kulowetsana, osati misomali yokha. Ndalama yotsala mudzapereke tsiku limenelo mukakhutira.