Yankho: Covid-19 ndi masewera a m'makoleji a ku America

Amayi amene mwafunsa kuti zinatheka bwanji mayunivesite olemera a ku America kuthetsa masewera ena nthawi ya Covid-19, komanso ngati mwana wanu wothamanga uja angadalire sikolashipu ya kumeneko, ndiloleni ndiyankheko chifukwa nkhaniyi ndinkaitsatira kwambiri.

Yunivesite ikhoza kukhala ndi masewera 20 kapena 30, koma olowetsa ndalama kawirikawiri amakhala awiri okha, American football ndi basketball ya anyamata. Osambira, othamanga, a tenisi, ngakhale a mpira wamiyendo womwe ife timaukondawu, onse amadya thukuta la awiriwa. Nalo bungwe loyang'anira masewerawa, NCAA, ndalama zake zambiri zimachokera ku mpikisano umodzi wa basketball wotchedwa March Madness, makamaka zomwe CBS ndi Turner amalipira kuti azionetsa mpikisanowu pa TV. Pa 12 March 2020 mpikisanowu unathetsedwa kutatsala masiku ochepa kuti uyambe. Makoleji a Division I, gawo lapamwamba kwambiri la NCAA, ankayembekezera kugawana madola pafupifupi 600 miliyoni, koma analandira 225 miliyoni basi.

Nkhondo yeniyeni inali pa football. Ivy League, ligi ya makoleji komwe kuli Harvard ndi Yale, inalengeza pa 8 July kuti sisewera nyengo imeneyo, ndipo sinabwerere m'mbuyo. Iwowa sapereka sikolashipu za masewera ndipo sadalira ndalama za TV. Mwa maligi a makoleji akuluakulu, Big Ten ndi Pac-12 zinaimitsa masewera pa 11 August ponena kuti zikuteteza moyo wa ophunzira, koma SEC, ACC ndi Big 12 zinapitiriza. Patangodutsa milungu isanu, Big Ten inasintha maganizo n'kuyamba kusewera kumapeto kwa October. Akuluakulu ake anati tsopano angathe kuyeza osewera tsiku lililonse. Kuyezako kunalipodi, koma ine ndimakhulupirira kuti ndalama za TV ndi zomwe zinalankhula mokweza. Tangoganizani, bwalo la yunivesite ya Michigan lomwe limalowa anthu opitirira 107,000 linali mbee, matikiti osagulitsidwa. Chotsala chinali TV yokha.

Makoleji ang'onoang'ono analira mwina. Iwo amalipidwa, nthawi zina madola opitirira miliyoni imodzi, kuti akasewere pabwalo la koleji yaikulu. Magulu akuluakulu atati azingosewera okhaokha, ndalama imeneyo inapita.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Yunivesite ya Cincinnati inathetsa mpira wamiyendo wa anyamata mu April 2020. Ya Iowa inathetsa kusambira komanso tenisi ndi gymnastics ya anyamata. Stanford, imene ili ndi chuma chosaneneka ndipo yatulutsa ochita masewera a Olympics ambirimbiri, inalengeza kuti ichotsa masewera 11 mwa 36. Mwana waphunzira kusambira kuyambira ali wamng'ono, makolo awononga ndalama zambiri, kenako akuuzidwa pa Zoom kuti timu yake yatha. Komatu masewera amenewa sadya ndalama zambiri poyerekeza ndi malipiro a mphunzitsi mmodzi wa football, omwe m'makoleji akuluakulu amafika mamiliyoni a madola pachaka. N'chifukwa chake ambiri ankati mliri unangopereka chifukwa chochitira zomwe akuluakulu ankafuna kale.

Ena sanagonje. Ophunzira akale a Stanford anasonkha ndalama, osewera anapita kukhoti, ndipo mu May 2021 yunivesiteyo inabweza masewera onse 11. Ku Iowa atsikana osambira anasuma pogwiritsa ntchito lamulo la 1972 lotchedwa Title IX, loletsa kukondera pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu, ndipo timu yawo inabwerera, koma ya anyamata ayi. Ku yunivesite ya Clemson othamanga aamuna nawonso anachotsedwa kenako n'kubwezeretsedwa.

NCAA inapatsa osewera chaka china choonjezera chifukwa cha nyengo yomwe inawonongeka. Zinali zachilungamo, koma zinapanikiza ana ochokera ku sekondale, poti malo m'matimu anali akadali ndi eni ake.

Tsono za mwana wanu, musamuletse, Amayi. Makoleji ambiri amene anathetsa matimu, kuphatikizapo Stanford, analonjeza kupitiriza sikolashipu za omwe analipo kale. Koma musanasaine chilichonse, funsani ngati sikolashipuyo ndi ya chaka chimodzi kapena ya zaka zonse zinayi, ngati ndi yathunthu kapena ya mbali chabe, poti othamanga ambiri amalandira ya mbali. Funsaninso kuti timu itathetsedwa kapena iye atavulala zidzakhala bwanji, ndipo yankho lake akupatseni lolembedwa. Kwa mwana wochokera kunja nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa viza yake imayenda ndi sukuluyo, ndipo fizi ikasowa pa sukulupo sangakhalepo.