Tifunseni: bwanji opulumutsa anthu pa madzi osefukira sagwiritsa ntchito zimaboti zazikulu?

FUNSO: Akulu, ine chimandizunguza mutu nchakuti madzi akasefukira opulumutsa anthu amabwera ndi timaboti taphwatalala kapena tampweya tija, chonsecho kunyanja kuli zimaboti zamphamvu. Nkusowa ndalama kapena pali chifukwa? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Ayi achimwene, sikuumira. Madzi osefukira si nyanja. Apa akulekeza m'khosi, mukasuntha pang'ono ali m'mawondo, ndiye pansipo pali zitsa, malata, mawaya a mpanda, mwinanso galimoto yomira yomwe simukuiona poti madziwo ndi matope okhaokha. Boti la kunyanja nlosongoka kunsi kuti lizing'amba mafunde, pamenepa lingotitimira basi.

Nchifukwa chake opanga amakonda pansi paphwatalala ndi potambalala. Tawerengani nane. Kyubiki mita imodzi ya madzi imalemera makilo 1,000, ndipo boti limanyamula kulemera kofanana ndi madzi amene lawakankha, zija anatulukira katswiri wachigiriki Archimedes kalekale. Ndiye boti la mamita 4 mulitali ndi 1.5 mulifupi likangolowa m'madzi masentimita 10 owonjezera, lasenza makilo 600, anthu akuluakulu pafupifupi 8.

Koma amene opanga amamuopa kwenikweni ndi munthu wamantha. Munthu woti wachezera usiku onse mumtengo sakwera boti mwaulemu ayi, amangolidumphira, anzake nawonso mbali yomweyo, boti lopapatiza apo lagadabuzika kale. Ndiye m'mbali amafupikitsa kuti wofooka akokedwe mosavuta, chingwe chogwirira chimazungulira kunja konse, pansi pa mipando amatsekeramo fomu, chinthu chopepuka chonga siponji koma chosamwa madzi, kuti olo lidzaze lisamire. A mpweya aja musawadelere, chubu chake nchogawa zipinda, china chikabooka zinazo zimagwirabe. Ena amakhala ndi pansi polimba chubu m'mbali, amenewa anayambira pa sukulu ya Atlantic College ku Wales m'ma 1960, ngakhale ine pamalo odzaza malata ndingasankhe la aluminiyamu.

Injini ndiye mutu wina. Pulopela, chitsulo chozungulira m'madzi chokankha boti chija, imakola mawaya komanso ikhoza kutema munthu amene mwabwera kudzamupulumutsayo, nchifukwa amaiveka chotchingira. Ya jeti, yoyendetsa boti popopera madzi kumbuyo, ilibe pulopela panja koma imayamwa zinyalala nkutsamwa. Aliponso maboti okankhidwa ndi chimfani chachikulu kumbuyo, anathandiza ku New Orleans ku America mu 2005 nthawi ya namondwe wa Katrina, amadutsa ndi pa madzi ochepetsetsa, kungoti phokoso lake wokuwa padenga simungamumve. Mphamvu ikufunikabe ndithu, poti liwiro la madzi likawirikiza kawiri kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Nkhafi zisasowemo, injini imazima nthawi yolakwika.

China chomwe chiboti chanu chija chingalephere: msewu ukaduka, boti laling'onoli amalinyamula pamanja anthu ochepa kudutsa pouma nkukaliponyanso m'madzi kutsogoloko.