Magazi amodzi, zotsatira ziwiri

Mayi wina wandilembera imelo. Anayezetsa vitamini D m'malabotale awiri, kwina kunatuluka 21, kwina 54. Akufunsa kuti akhulupirire iti.

Mayi, funso lanuli landikumbutsa zowawa. Chaka china ndinkangofooka, mafupa akuphwanya usiku wonse. Nditayezetsa, pepala linati 19, dokotala n'kundipatsa mankhwala. Patapita milungu itatu ndinakayezetsanso kwina, kunatuluka 48. Ndinasangalala kwambiri, mankhwala aja ndinawasiya tsiku lomwelo. Palibe amene anandiuza kuti miyezo yake inali yosiyana: labotale yoyamba imalemba mu ng/mL pomwe yachiwiri imalemba mu nmol/L, ndipo posintha ng/mL kukhala nmol/L umachulukitsa ndi 2.5, choncho 19 amakhala 47.5. M'magazi mwanga simunasinthe kanthu. Ndinavutika miyezi inanso chifukwa cha tizilembo tating'ono tomwe sindinkatidziwa, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti wodwala amangopatsidwa pepala popanda womufotokozera.

Poyeza vitamini D, chomwe malabotale amayang'ana ndi 25-hydroxyvitamin D, yomwe imapangidwa m'chiwindi n'kukhalitsa m'magazi kwa milungu ingapo. Malabotale ambiri amagwiritsa ntchito immunoassay: ma antibody, omwe ndi mapuloteni omatirira pa chinthu chomwe chikuyezedwa, amagwira vitaminiyo, makina n'kuwerenga. Njirayi ndi yachangu, koma nthawi zina imagwiranso zinthu zofanana nayo, kapena kuphonya D2, umodzi mwa mitundu iwiri ya vitamini D (winawo ndi D3). Njira ina, yotchedwa LC-MS/MS, imayamba yalekanitsa zomwe zili m'magazi, kenako n'kuyeza kulemera kwa chilichonse, choncho D2 ndi D3 zimaoneka padera. Ine ndimati labotale iliyonse izilemba papepala njira yomwe yagwiritsa ntchito. Kusalemba n'kulakwira odwala, basi.

Palinso biotin, vitamini yomwe anthu amamwera tsitsi ndi zikhadabo. Mu 2017 bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza kuti imasokoneza ma immunoassay ena. Ndi angati amafunsidwa za izi asanatengedwe magazi?

Nanga vitamini B12?

Apanso nambala imodzi siikwanira. B12 ikhoza kuoneka ngati ili bwino pomwe thupi likuperewera, n'chifukwa chake madokotala amayezanso methylmalonic acid, yomwe imakwera B12 ikachepa, ngakhale kuti matenda a impso nawonso amaikweza.

Tsono mayi, onani tizilembo tomwe tili pafupi ndi manambala anuwo. Ngati 21 ili mu ng/mL, ndiye kuti ndi 52.5 nmol/L, pafupi kwambiri ndi 54. Tengani mapepala onse awiri mukawaonetse dokotala wanu, ndipo mukafuna kuyezetsanso, bwererani kulabotale imodzimodzi.