Timawaya ta maginito m'mapiko a ndege, yankho kwa achimwene omwe afunsa aja

Achimwene mwafunsa ngati ndizoona kuti ndege zamasiku ano ndi zapulasitiki, komanso kuti akufuna azikwirira maginito mkati mwake kuti azidziwa ikayamba kusweka, nanga maginitowo sangasokoneze kampasi? Yankho litalikirapo pang'ono, mupirire nane chifukwa nkhaniyi ndimaikonda kwambiri.

Za pulasitikizo kaye. Ndi ulusi wa kaboni, kaulusi kamodzi kunenepa kwake ndi ma micron 5 mpaka 7 basi (ma micron 1000 ndiwo amapanga milimita imodzi), amaunyika mu guluu wa epoxy nkumayala nsalu pamwamba pa inzake, ina ulusi wake kuloza uku ina uko, akatero amakaziwotcha mu chiuvuni cha autoclave pa madigiri pafupifupi 180. Boeing 787 yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2011 theka la kulemera kwa thupi lake ndi zimenezi, Airbus A350 ya mu 2015 ili pa 53 peresenti. Ndizopepuka, mafuta amapita ochepa, dzimbiri palibe.

Koma zimabisa chilonda, apa ndipomwe pagona nkhani yonse. Aluminiyamu akamenyedwa amalowa mkati, aliyense amaona kuti apa pagundidwa. Kaboni ayi. Makaniko agwetsa sipanala pamwamba pa phiko, kapena ngolo ya zikwama yagunda pafupi ndi chitseko cha katundu, kapena matalala, iwe kukayang'ana penti ili phee, mwina kakang'ono kokha koti uchite kuunika ndi tochi chammbali kuti ukaone, chonsecho mkatimo nsalu zija zalekana, guluu wasiya. Mainjiniya amati delamination. Nsalu zikalekana chonchi, phiko likamafinyika mumlengalenga iliyonse imayamba kupindika payokhayokha ndipo mphamvu za malo amenewo zimatsika kwambiri.

Panopa amafufuza ndi makina a ultrasound, omwe amatumiza mawu osamveka ndi khutu mkatimo nkumva mmene akubwerera, pena kugogoda ndi kahamala nkumamvetsera ngati pakulira mogongoma. Zimagwira ntchito inde, koma ndege iyenera kukhala pansi, pena mpaka kumasula mapanelo kuti afike pamalopo, ndipo ndege yokhala pansi sibweretsa ndalama. Nde ofufuza anati bwanji chinthucho chizinena chokha pomwe pakupweteka.

Tsono musaganize maginito ngati aja a mu sipika. Ndi kawaya kochepa kuposa tsitsi, kachitsulo kosakaniza ndi zinthu monga cobalt, silicon ndi boron, kokutidwa ndi galasi. Kapangidwe kake kamandisangalatsa heavy, amasungunula chitsulocho chili mkati mwa kachubu kagalasi, galasi likafewa amakoka zonse pamodzi nkuziziritsa mwachangu kwambiri mpaka ma atomu sapeza mpata wokhala mwadongosolo lawo lija, njira yake imatchedwa Taylor-Ulitovsky. Kawayako amakagoneka pakati pa nsalu za kaboni zisanalowe mu uvuni, kamapsera momwemo nkukhala mbali ya phikolo.

Kamadziwa bwanji? Mu 1842 James Joule anapeza kuti chitsulo chikalowa mphamvu ya maginito chimasintha kutalika pang'ono. Mu 1865 Emilio Villari anapeza mbali inayo, kuti ukachikoka kapena kuchifinya, khalidwe lake la maginito limasinthanso. Basitu sayansi yake ndi imeneyo, ndiyakale ndithu. Woyeza amabwera ndi kachida kokhala ndi makoilo awiri, koilo ndi waya wokulungakulunga, nkukayandikitsa kunja kwa phiko. Koilo yoyamba imatumiza mphamvu ya maginito yomapita uku ndi uku, ikafika mlingo winawake kawaya kamkati kaja kamatembenuka kamodzinkamodzi, koilo yachiwiri nkumva kugunda kumeneko. Mlingo womwe kamatembenukirawo umasuntha malinga ndi mmene kawayako kakokedwera. Ndiye ngati nsalu zalekana pafupi, mphamvu yokoka kapena kufinya yomwe imadutsa pamenepo yasamukira kwina, kawaya kamasuka kapena kakungika, nambala ya lero sikufanananso ndi yomwe analemba phikolo lili latsopano. Ena amayeza mmene kawayako kakukanira magetsi othamanga kwambiri, ena amathira mu guluu momwemo fumbi la Terfenol-D, chitsulo chosakaniza chomwe maginito ake amasinthanso chikakokedwa kapena kufinyidwa, koma ganizo ndi lomwelo. Ngakhale tija amamata pa zovala m'masitolo akuluakulu kuti alamu ilire ukatuluka osalipira, tina mwa ito mkati muli kalamba kachitsulo ka mtundu womwewu.

Chomwe chimandikopa ine ndichoti mulibe batire, mulibenso nthambo yotulukira kunja. Njira ina yomwe yapita patali ndi ya fibre optic, kaulusi koyendamo kuwala, imayeza bwino zedi, koma ulusi wake wamba ndi ma micron 125, wonenepa kwambiri poyerekeza ndi kaboni, pomwe wadutsa guluu amaunjikana mmbali mwake, komanso uyenera kutulukira penapake kuti ulumikizidwe ku makina, potulukirapo ndipomwe umakonda kuthyokera. Kawaya ka maginito kamangokhala duu mkatimo kudikira woti akafunse. Kangathenso kuthandiza kufakitale komweko, kuonetsa mmene guluu akukokera pamene akuuma.

Za kampasi musadandaule kwambiri. Timawayati ndi tochepetsetsa, mphamvu yake siifika patali, ndipo ndege zazikulu njira zimaidziwa ndi ma gyroscope, zida zomva mmene ndege ikutembenukira, ndi GPS, kampasi ya maginito ndi yapadera yongodikira tsiku lomwe zina zonse zazima. Komabe chilichonse cholowa mu ndege amachiyesa kaye ngati sichisokoneza zida zina, izinso sizingazembe.

Mavuto enieni ali kwina. Kaboni amadutsa magetsi, nde mphamvu yochokera ku koilo ija ikamalowa imadzutsa timagetsi tozungulira mu nsalumo tomwe timaifoola, waya akakhala mkatikati mwa chigawo chokhuthala mawu ake amamveka motsika. Pamwamba pakenso pamakhala ukonde wa kopa wotetezera mphezi, poti ndege yonyamula anthu imawombedwa pafupifupi kamodzi pachaka, ukonde umenewonso umatchinga. Kenako kutentha. Kumwamba kumazizira mpaka madigiri 50 pansi pa ziro, pabwalo dzuwa likuswa mtengo, ndipo kawayako kamasintha ndi kutentha ngati mmene kamasinthira ndi kukokedwa, ndiye uyenera kusiyanitsa kuti nambala yasuntha chifukwa cha mng'alu kapena chifukwa choti phiko lazizira. Komanso kamangomva zapafupi pake, chilonda chikakhala patali kangakhale chete.

Ndipo taganizani, ndege imagwira ntchito zaka 20, 30. Kawayako kakafa kapena kakasiyana ndi guluu simungakatulutse nkuikapo kena. Kakamalira pachabe ndege izikhala pansi popanda chifukwa, kakakhala chete pomwe pali chilonda ndiye zoopsa kwambiri chifukwa anthu amakhala atakakhulupirira. Ichi nchifukwa chake mabungwe oyang'anira chitetezo cha ndege, FAA yaku America ndi EASA yaku Europe, salola zinthu zotere mwachisawawa, amafuna umboni woti kachidako kamapeza chilonda cha kukula kwakuti pafupifupi nthawi zonse, komanso kuti kukhalapo kwake sikufoola phikolo.

Nde achimwene, ndege yomwe mungakwere mawa musayembekezere kuti phiko lake likuyang'aniridwa ndi timawayati, zambiri zidakali m'malabu pa tizidutswa toyesera. Ine ndimaona kuti poyambira pabwino ndi zigawo za ulusi wa galasi, poti galasi silidutsa magetsi ndiye koilo imamva bwino, komanso malo obisika omwe makaniko amavutika kufikako. Kumeneko katha kumuuza pomwe akayambire kuunika, iye nkubwera ndi ultrasound yake kudzatsimikiza.