MGB ya malemu bambo anu: iyambe yayenda kaye, zosintha zibwere pambuyo

Mwa maimelo amene ndalandira mwezi uno, pali imodzi imene yakhala ikundizungulira m'mutu. Yachokera kwa achimwene ena amene malemu bambo awo anawasiyira galimoto ya MGB yopanda denga, ya 1966. Galimotoyi inalowa m'galaja mu 2001 kalachi itayamba kuvuta, ndipo sinatulukenso. Funso lawo ndi loti, popeza aiphwasula ndithu, kodi si bwino kungolowetseratu zamakono zonse nthawi imodzi? Atchula giyabokosi ya magiya asanu, kabureta ya Weber, mabuleki akuluakulu ndi matayala otakata. Kumapeto kwenikweni, ngati akunong'ona, afunsanso za injini ya V8.

Achimwene, pepani ndi imfa ya bambo. Ndikumvetsa mtima umene muli nawo, wofuna kuti galimoto yawo ituluke ili bwino kuposa mmene inalowera. Koma ine ndikuti musagule chilichonse mwa zimene mwatchulazi mpaka galimotoyo itayenda ndi zimene inabadwa nazo. Mwanena nokha kuti munali mwana pamene inkayenda, simunagwirepo chiwongolero chake. Nanga mudziwa bwanji chimene chikuperewera? Anthu ambiri amene amati MGB ili ndi mabuleki ofooka anayendetsa yamabuleki akutha, ndipo amene amati ilibe mphamvu anayendetsa yosatchunidwa.

Tiyambe ndi chimene simunafunse, chifukwa ndi chimene chingadye ndalama zanu zonse. MGB, imene inkapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, ilibe chasisi chapadera ngati Triumph TR4. Bodi yakeyo ndiyo mafupa ake. Pa galimoto yopanda denga, mphamvu yogwirizitsa kutsogolo ndi kumbuyo ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, zimene amakaniko amati ma sill. Chimene mumaona kunja ndi chitsulo chimodzi chabe. M'kati muli zina zowotchereredwa pamodzi ngati bokosi, ndipo dzimbiri limayambira m'katimo, kumadya chotuluka. Penti ikhoza kumanyezimira koma kuli chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gwadani pansi ndi tochi. Gogodani ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Chitsulo chamoyo chimalira bwino, chodyeka chimangoti phu phu, ndipo nthawi zina mumamva tizidutswa tikuyoyokera m'kati. Yendetsani maginito m'mbali monsemo. Pamene sakukakamira, wina anamatapo phala kubisa chibowo. Kenako kwezani galimoto ndi jeke muyang'ane mpata wa chitseko. Ukasintha, kapena chitseko chikayamba kukana kutseka, bodi yafooka, ndipo ntchito yowotcherera ndiyo yoyamba. Mwayi wake zitsulo zonsezi zimapezeka zatsopano. Kampani ya British Motor Heritage yakhala ikupanga ngakhale mabodi athunthu a MGB kuyambira 1988, pogwiritsa ntchito zikombole zakale za fakitale.

Zaka zoposa 20 za kungokhala zimapha zinthu zina mwakachetechete, ndipo zimenezi musachite kuziyeza, ingosinthani. Chilichonse cha labala chinauma: mapaipi a mabuleki, a petulo, a madzi a redieta, lamba wa fani. Paipi ya mabuleki ikhoza kuoneka yabwino kunja koma itatupa m'kati, moti mafuta amapita koma kubwerera ayi, buleki n'kumangogwira. Mafuta a mabuleki enieniwo amayamwa chinyezi, ndiye m'masilinda mumakhala mutachita dzimbiri. Tsegulani chivindikiro muone. Mukapeza akuda bii, dziwani kuti master cylinder, ma caliper akutsogolo ndi masilinda a m'mawilo akumbuyo onse afunika kukonzedwa kapena kusinthidwa. N'chimodzimodzi masilinda a kalachi, ndipo mwina vuto limene linagoneka galimotoyi linali lomwelo. Musadabwenso mukapeza kalachi itamatirira ku flywheel, zimachitika kwambiri galimoto ikakhalitsa.

Matayala tayani ngakhale akuoneka ngati sanayendepo. M'mbali mwake muli nambala yotsatira zilembo za DOT. Kuyambira 2000 imathera ndi manambala anayi, awiri a sabata ndi awiri a chaka. Mukapeza atatu okha, tayalalo ndi la m'ma 1990 kapena kale kuposa pamenepo. Ngati mawilo ndi amasipoko, gwedezani lililonse muone ngati mano a pahabu sanathe. Akatha mumamva kuti gu ponyamuka ndi poima.

Thanki ya petulo inunkhizeni. Petulo wakale amanunkha ngati vanishi ndipo amasiya phula lofiirira limene limatseka timabowo ta m'kabureta. Itsitseni, itsukidwe kapena mugule ina. Mapaipi atsopano akhale opirira ethanol, chifukwa petulo wa masiku ano m'mayiko ambiri amakhala wosakaniza, ndipo labala yakale imasungunuka naye.

Injini musailize tsiku loyamba, chonde. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, isiyeni masiku angapo, kenako izungulizeni ndi dzanja pogwiritsa ntchito sipanala. Ikazungulira bwino, ikani oyilo watsopano wa 20W-50 ndi sefa yatsopano, n'kuizunguza ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka singano ya oyilo itanyamuka. Oyiloyo akhale wopangira injini zakale, wokhala ndi zinc wokwanira, chifukwa camshaft ya mtundu umenewu imadyeka msanga popanda iye. Injini ya 1798 cc imeneyi ndi yolimba, ndipo yanu ya 1966 ndi ija ya mabering'i asanu pa crankshaft imene inayamba chakumapeto kwa 1964. Ikatentha, singano ya oyilo n'kumaonetsa pakati pa 50 ndi 80 psi poyenda, masilinda onse anayi n'kumapanikiza mpweya mofanana, isiyeni, musaitsegule.

Tsono zosintha zimene ndimagwirizana nazo. Zambiri sizioneka n'komwe, ndipo n'zimene zimapangitsa kuti munthu abwerere kunyumba.

Mabuleki a galimoto ya 1966 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta. Paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anayi alibe buleki, mwatsala ndi handibuleki basi. Kuika master cylinder ya njira ziwiri, ngati imene ma MGB opita ku America anayamba kukhala nayo mu 1968, ndi kusintha kumene ndingakulimbikitseni ndi mtima wonse. Koma ma caliper akuluakulu ayi. Galimotoyi ndi yopepuka, kutsogolo ili kale ndi madisiki, ndipo ndi mapadi abwino imatha kumanga mawilo mpaka matayala kulira. Chimene chimaimitsa galimoto pamenepo ndi tayala. Servo nayo imangofewetsa pedulo, siifupikitsa mtunda woimira. Malamba a pamipando gulani atsopano, amangidwe pachitsulo chopanda dzimbiri.

Pa magetsi ndikhalitsapo pang'ono. Galimoto yanu ili ndi mabatire awiri a 6 volt kuseri kwa mipando, dinamo, ndipo waya wa positive ndi umene umapita ku bodi, mosiyana ndi magalimoto onse a masiku ano. Kampani ya MG inasintha za dinamo ndi za waya wa positive chakumapeto kwa 1967. Dinamo ya Lucas imapereka ma amp 22 okha, ndipo injini ikamangolira pamalo amodzi sitchaja kwenikweni. Usiku wa mvula, nyali ndi mawaipa zili zoyaka, batire limangotsika. Kutembenuza kuti negative ipite ku bodi n'kuika alternator ndi ntchito yabwino, bola muichite mosamala: mawaya a coil asinthane, geji ya liwiro la injini ikonzedwe kuti igwirizane, ndipo pampu ya petulo muione ngati ili yamtundu wosankha mbali. Batire limodzi la 12 volt laling'ono limakwana m'bokosi limodzi mwa awiri aja. Chinanso, galimoto yonseyi imatetezedwa ndi mafyuzi awiri okha, ndipo nyali zakutsogolo sizidutsa pa fyuzi. Onjezerani mafyuzi ndi ma relay, moto wa nyali usamadutse pa switch yakaleyo. Ngati makoswe analowa m'galajamo, kapena mawaya akuthetheka mukawapinda, sinthani mtolo wonse. Galimoto yakale ikapsa, nthawi zambiri gwero lake amakhala mawaya kapena paipi ya petulo.

Ignition yamagetsi yolowa m'malo mwa ma points, tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi kuti mapulagi athetheke, ndi yabwino, ndipo imabisala m'kati mwa distributor. Koma siichiritsa distributor imene shafiti yake ikugwedera kapena masipiring'i ake anatopa. Konzani kaye zimenezo, ndipo gulani yogwirizana ndi mbali ya batire imene mwasankha. Ma points akale asungeni m'galimoto momwemo. Za mavalavu: injiniyi inapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene ankateteza pokhalira mavalavu otulutsa utsi. Tsiku limene hedi idzatsike pa chifukwa china chilichonse, mudzaikitse pokhalira polimba. Kuitsitsa chifukwa cha zokhazo sikofunika changu. Ingoyezani mipata ya mavalavu pafupipafupi muone ngati ikuchepa.

Nkhani ya magiya asanu ili ndi maziko. Pa msewu wautali MGB ya magiya anayi imalira kwambiri, munthu kufika atatopa m'makutu. Koma yang'anani kaye ngati yanuyo ilibe overdrive, chipangizo chowonjezera pa giyabokosi chimene chimatsitsa liwiro la injini, chifukwa fakitale inkaika ya Laycock kwa amene waipempha. Imagwira pa giya yachitatu ndi yachinayi, mumangokankha kabatani, injini n'kutsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kwa ine palibe chokoma pa galimotoyi kuposa kamphindi kameneko, phokoso likatsika mphepo n'kuyamba kumveka. Ngati ilipo koma sikugwira, kawirikawiri vuto limakhala solenoid, waya kapena oyilo wochepa. Ngati palibe, funani giyabokosi ya overdrive ya zaka zomwezo. Ya Ford Type 9 kapena ya Mazda MX-5 anthu amaika ndipo zimagwira bwino ntchito, zimakupatsaninso giya yoyamba yolowa mosakukuta galimoto ikuyenda, chimene ya 1966 ilibe. Sindikuletsani. Ndikungoti musankhe mutayenda makilomita okwana ndi yakaleyo, ndipo mukane njira iliyonse yofuna kudula bodi.

Za Weber ndili ndi bala langa. Zaka zapitazo ndinachotsa makabureta awiri a SU, mtundu umene MGB imabadwa nawo, pa galimoto yanga chifukwa inkazima pamaloboti. Weber itakhala, mafuta anayamba kupita ambiri, ponyamuka n'kumatsamwa, ndipo ndinatha miyezi ndikusinthasintha majeti. Tsiku lina ndinatenga ma SU aja pashelefu, n'kugwira kashafiti ka throttle ndi zala ziwiri. Kankagwedera. Mpweya unkalowera pamenepo, ndilo linali vuto lonse. Nditaika mabushi atsopano, kuthira oyilo m'zivindikiro zapamwamba ndi kuwalinganiza awiriwo pomvetsera kupuma kwake ndi kapaipi kukhutu, injini inalira mosalala ngati kale. Pa injini yosasinthidwa m'kati, ma SU okonzedwa bwino amakwanira.

Matayala otakata amalemetsa chiwongolero, poti mulibe pawa, ndipo amachotsa kupepuka kumene anthu amaikondera galimotoyi. Khalani pa matayala a mamilimita 165 m'lifupi pa mawilo a mainchesi 14. Mashoko ake a mkono amakonzedwa. Mukawonjezera mabushi atsopano ndi girisi m'ma kingpin mudzadabwa mmene imagwirira msewu.

V8 ija. N'zoona kuti MG inapangapo MGB GT V8 kuyambira 1973 mpaka 1976, ndi injini ya Rover ya malita 3.5, ya aluminiyamu, yosalemera kuposa yachitsulo imene muli nayo. Koma bodi ya 1966 sinakonzedwere injini imeneyo. Pafunika kudula ndi kuwotcherera m'chipinda cha injini, kusintha giyabokosi, redieta, mabuleki ndi zakumbuyo, ndipo zikatero kubwerera kulibe. Ngati mtima ukufunadi V8, ma MGB anapangidwa oposa 500,000. Mudzapeze ina imene inataya kale injini yake. Iyi ndi imene bambo anu ankaliza m'mawa, ndipo kulira kumene mukukumbukirako ndi kwa masilinda anayi.

Chilichonse chimene mwachotsa, kaya dinamo, kaya master cylinder yakale, chipukuteni, chilembeni dzina, chilowe m'bokosi. Jambulani zithunzi musanamasule bauti iliyonse. Lembaninso nambala ya galimoto ndi ya injini mutumize ku British Motor Museum ku Gaydon, amene amasunga mabuku a fakitale ndipo amapereka chikalata chosonyeza tsiku limene inapangidwa, mtundu wa penti ndi zimene inatuluka nazo. Mudzadziwa zimene zili zoyambirira ndi zimene bambo anasintha okha.

Loweruka likubwerali musatenge sipanala. Tengani tochi, maginito ndi jeke, mukagone pansi pa galimotoyo. Munditumizire zithunzi za m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri, pansi pa makapeti, ndi pamene masipiring'i akumbuyo agwirira bodi, ndipo mundiuze ngati pali kabatani ka overdrive kudzanja la woyendetsa.