Agogo anu anapita ku Burma, ndiye duwa lofiira lija mulivale kapena ayi?

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Akuti agogo awo aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), anakamenya nkhondo ku Burma, anabwerako ndi mendulo komanso chifuwa chimene sichinathe mpaka kumwalira, ndipo agogo aakazi alipo mpaka lero kumudzi koma akuvutika. Funso lawo ndi ili: "Novembala aliyense ndimaona akuluakulu akuika nkhata za maluwa pachipilala, ine zimangondiwawa. Nkhondo ija inali ya azungu, ife tikukumbukira chiyani? Dzina la agogo sindinalionepo paliponse. Duwa la popi lija ndizivala kapena ndingolisiya?" Popi ndi duwa lofiira limene anthu amavala mu Novembala, pa tsiku lokumbukira amene anafera kunkhondo.

Achemwali, choyamba pepani, ndipo kuwawidwa mtima kwanuko musachite nako manyazi chifukwa simunayambe ndinu. Mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula zomwezi, kuti anthu akuda osauka akukafera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Patangopita miyezi iwiri, mu Januwale 1915, anaukira boma. Ndiye funso lanulo ndi lakale kuposa tonsefe.

Koma ine yankho langa ndi loti livaleni, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse ija sinali nkhani yongoimva kuti ikuchitika ku Ulaya, inafika pakhomo pathu penipeni. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inakawombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann panyanja yathu yomweyi, kutsidya ku Liuli, kenako pa 9 Seputembala kunali nkhondo ku Karonga ndipo manda ake alipo mpaka pano. Makolo athu ankangoitchula kuti nkhondo ya Chiwaya, kutengera mfuti ija yolira mosalekeza. Asilikali ochokera kuno anali pafupifupi 19,000, koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ine ndi amtengatenga, anthu pafupifupi 200,000 amene anasenza ufa, zipolopolo ndi katundu yense wankhondo pamutu, wapansi, kudutsa m'mathengo a Tanganyika ndi Mozambique, ambiri osafuna n'komwe koma ochita kugwidwa chifukwa mafumu anauzidwa kuti apereke anthu basi, ndipo kumeneko ambiri sanafe ndi mfuti ayi koma kamwazi, malungo, njala ndi chimfine chija cha 1918, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda mwambo uliwonse, popanda mkulu wa kwawo woti n'kulankhula pamanda. Tangoganizani mudzi umene mwamuna wachoka nthawi yolima, mayi watsala ndi khasu ndi ana asanu, osadziwa ngati ayambe kulira maliro kapena adikirebe.

Anthu amenewa ndi athu. Amene anayambitsa nkhondo anali ena, koma amene anafa ndi a kwathu ku Zomba, ku Mangochi, ku Ntcheu, ku Mzimba. Tikanena kuti tsikuli ndi la azungu ndiye kuti tawasiya kachiwiri m'thengo muja.

Agogo anuwo ndi a nkhondo yachiwiri. Anyamata a kuno anamenya ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma mu 1944 komwe anayenda m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, m'matope ndi udzudzu, kuthamangitsana ndi asilikali a Japan. Ena anapitanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Mukamaona malipenga ku Nkhata Bay kapena mganda ku Dowa, anyamata atavala zoyera akuguba mwadongosolo, dziwani kuti magule amenewo anatengera perete wa asilikali. Kumudzi anthu anayamba kale kukumbukira mwa njira yawoyawo boma lisanaganize n'komwe.

Sindikubisirani, mbiri ya KAR ili ndi mbali yowawa. Asilikali omwewa boma la atsamunda linawagwiritsanso ntchito pa anthu awo omwe mu Malichi 1959. Zimenezo tiziyankhulanso, pa 3 Malichi komanso mu Novembala momwe.

Za dzina lija. Zipilala ngati cha ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks zinamangidwa kukumbukira amene anafera kunkhondo, ndiye agogo anu poti anabwerako amoyo musadabwe kuti simukuwapeza. Koma dandaulo lanu lili ndi maziko ndithu. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a anthu ofera kunkhondo, linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a ku Africa kuno, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanalembedwe mayina kapena kukumbukiridwa mofanana ndi azungu. Boma la Britain linapepesa. Zaka zoposa 100 zitadutsa, eti.

Tsono pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi apa. Lamulungu lachiwiri la Novembala timaona mwambo ku Area 18 ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu, lipenga limalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri kukumbukira kuti mfuti zinaleka kulira 11 koloko pa 11 Novembala 1918, nkhata zimaikidwa, zonsezo ndi zabwino ndipo ine misozi imalengeza lipenga lija likamalira, koma mwambo ukatha magalimoto amabwerera ku maofesi ndipo gogo wamasiye ngati wanuyo palibe wamufunsa ngati wadya. Mkazi amene anasamala munthu wobwera kunkhondo, wodzidzimuka usiku, wotsokomola zaka ndi zaka, nayenso anaimenya nkhondoyo. Pamwambo paja ndikanakonda amasiye ndi ana azikhala kutsogolo, mayina aziwerengedwa mokweza ngakhale zitatenga maola awiri.

Ndiponso tsikuli silinathere pa nkhondo za atsamunda. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu kum'mawa kwa DRC komweko. Ana awo ali pasukulu pompano.

Ndiye chitani izi achemwali. Pitani kumudzi musachedwe, mukakhale pamphasa ndi agogo, muyatse foni muwajambule mawu, anene dzina lenileni limene agogo aamuna analembetsa kuusilikali chifukwa ambiri ankalembetsa dzina lina, chaka chimene anapita, amene anapita nawo. Mufufuze m'sutikesi muja ngati muli kabuku kowatulutsira usilikali, nambala yawo imakhala mmenemo, ndipo ndi nambala imeneyo mutha kukafunsa ku bungwe la asilikali opuma la VELOM ngati pali thandizo la amasiye, komanso ku National Archives ku Zomba. Mukaipeza nambalayo mundilemberenso, tithandizane kulemba kalata.